Bobina Yofiira ya Wailesi ya Malemu Amuna Anga

"Kumbuyo kwa wailesi iyi kusadzatsegulidwe iwe uli patali." Anatero malemu amuna anga chaka chimene miyendo inayamba kuwatupa, ali pakhonde akuipukuta wailesiyo ndi nsanza ya malaya awo akale. Ine ndinkasankha nyemba m'lichero. Ndinati angatsegule ndani, kodi m'mudzi muno mwalowa wamisala? Iwo anati wamisala ngwosavuta, umamuonera patali. Wovuta ndi uja wobwera atavula chipewa kuti akuthandize.

Wailesiyo ndi yakale kuposa mwana wanga woyamba. Anaigula ku Tete asanandikwatire, ya m'chikwama chachikopa, yodya mapilya, mabatire aja, akuluakulu anayi. Nkhondo itafika kwathu kuno ku Lifidzi tinasiya mbuzi, tinasiya nkhokwe ili yodzaza, koma iyo ndinaibereka kumsana m'kapulana, chitenje cha kwathu kuno, mpaka kuwoloka malire, moti mayi wina panjira anandidzudzula kuti ndimuvundukule mwanayo angabanike. Tinakhala nayo ku Malawi zaka zonse zothawa nkhondo, tinabwerera nayo. Pagalasi pake pali kamzere kamene malemu anakanda ndi msomali. Singano ya pagalasipo ikafika pamenepo ndiye kuti mwafika pa nyumba ya mawu ya ku Malawi imene masana imawerenga mauthenga a maliro.

Musaganize kuti ndimakonda maliro. Nkhani yake ndi iyi. M'mimba mwa mayi athu tinabadwamo asanu ndi awiri, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi tinali titatsala awiri, ine ndi akulu anga. Iwo nkhondo itatha sanabwerere, anatsalira kufupi ndi Dedza kumene ana awo anapeza mabanja. Zaka zinayi m'mbuyomo alongo athu atamwalira, uthenga unabwera pa telefoni ya mwana wanga wamkazi amene ndimakhala naye bwalo limodzi. Anaumeza. Masiku anayi athunthu ankandidzutsa bwinobwino, kundiikira madzi osamba, alongo anga ali m'dothi. Pomandiuza anati ankaopa tensau yanga, vuto la kuthamanga kwa magazi lija, akuti kuchipatala ananena kuti ndisamadzidzimutsidwe. Kuyambira pamenepo telefoni ndinaidziwa mtima wake. Imalankhula m'khutu limodzi, ndipo mwini khutuyo ndiye amasankha choti atulutse pakamwa. Wailesi sidziwa kunong'ona. Ikanena, yanenera onse.

Ndiye nditapita kukaona akulu anga n'kuwapeza akutsokomola, nthiti zikuwerengeka, ndinamugwira dzanja mwana wawo wamkulu n'kumuuza kuti chikadzachitika akaike pa wailesi, atchule ndi mudzi wanga womwe. Anavomera. Kuchokera tsiku limenelo, dzuwa likafika paliwombo ndinkagwetsa khasu kaya ndili pakati pa mzere, kukakhala pafupi ndi wailesi.

Mwezi wa chisanu inayamba kadandaulo kakang'ono. Mukapotoza pokwezera mawu inkachita khwekhwerere, kenako n'kulankhula bwinobwino. Ndinangotchula pamaso pa mwana wanga uja, mmene munthu amatchulira bondo likamawawa. Kulakwa kwanga kunali kumeneko. M'mawa mwake ndinapita kudimba kukathirira kachewere, chitseko ndinangokokera popeza mwanayo anali pabwalo.

Pobwerera ndinangofika pankhokwe, miyendo inaima yokha. Patsinde pa mtengo wa mapichesi panali patakhala akamwini anga, amuna a mwana wangayo, atayala thumba. Wailesi inali itagona chafufumimba, chotsekera chake chakumbuyo chili pambali, ndipo m'manja mwawo munali shavi, ija amamangira misomali yopotoza ya njinga imene kuno timati maparafuzo.

Kwathu kuno mpongozi sayandikira mkamwini. Sitidyera pamodzi, sitiyang'anana m'maso. Tikakumana panjira wina amapatukira m'udzu, timalonjerana titanyuta, nkhope kumbali. Zaka khumi ndi zisanu munthuyo ali pamudzi panga, sindinamulankhulepo mawu olunjika. Akanakhala wina aliyense, ngakhale akatekisita, ndikanawalumphira ngati nkhuku ya anapiye. Koma awa? Ndinaima kuseri kwa nkhokwe ndowa ili pamutu, ndikuona ndi diso limodzi dzanja lawo likupotoza. Ndinaitana mwana wanga motsitsa.

"Kawauze apongozi kuti asavutike, wailesiyo ili bwino."

Anapita, anagwada, ananena, anabwera.

"Akuti sakuvutika ai, ndi kantchito kochepa."

"Kawauze kuti dzuwa lakwera, ng'ombe zikudikira m'khola."

Anapitanso, anabweranso.

"Akuti atsala pang'ono. Akuti apeza timaparafuzo tinayi tinali tokhwefuka, kofiira, kachikasu, koyera ndi kakuda. Akutimanga."

"Kawauze kuti..."

"Amayi, mukufuna ndikawauze chiyani? Kuti asiye chifukwa simuwakhulupirira? Munthu wasiya ntchito yake kuti akukondweretseni."

Ndinaima pomwepo mpaka anamaliza, anatseka, anaipukuta ndi mkono wa malaya n'kupatsa mkazi wawo. Mwanayo anandipatsa ndi manja awiri. Ndipo ine ndinati akawauze zikomo. Ndinathokoza. Liwu limenelo mpaka lero linandikhalira pakhosi ngati minga ya nsomba.

Masana ndinatsegula. Inangoti waaa, ngati mvula ikugwa kuseri kwa phiri. Ndinayendetsa singano kuchokera kumapeto kukafika kumapeto ena, kudutsa pa kamzere ka malemu, kubwerera, kudutsanso. Panalibe munthu, panalibe ng'oma, ngakhale Chipwitikizi chimene ndimachidumpha masiku onse. Khwekhwerere uja yekha ndiye anatsala, wamoyo ndithu.

Ndinayesa zonse zimene ndikudziwa. Ndinanyambita mapilya, anandiluma lilime, kusonyeza kuti anali ndi mphamvu. Ndinagulabe ena. Ndinapala timawaya togwira mapilya ndi mchenga. Ndinaiyanika padzuwa poganiza kuti nkhungu ya kuno yailowa m'chifuwa. Ndinamangirira waya wake ku waya woyanika zovala. Ndinaimenya kambama kawiri, kachitatu ndinaipepesa. Mwana wanga anati Loweruka apita nayo ku Ulongwe. Loweruka linafika, anati kachewere wa ku Domwe sadikira, ogula afika ndi magalimoto. Anati bwanji ndizimvera pa telefoni yake, ili ndi wailesi mkati. Ndinamuyang'ana mpaka anachotsa maso.

Masiku oyamba ndinkapita kwa mnzanga wina wa kuseri kwa tchalitchi amene ali ndi kawailesi kodya dzuwa. Sindikonda kukhala pakhonde pa eni, amakuwerenga makwinya, komabe ndinkapita, n'kumva mayina a anthu osawadziwa, n'kubwerako mtima uli pansi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri yanga ili chete ndinapeza akuti wailesi apita nayo kumunda amuna awo. Lachisanu ndi chitatu akuti sinadye dzuwa, kwachita nkhungu, chonsecho dzuwa likuswa mtengo. Anandiyalira mphasa yatsopano, anandiotchera chimanga, maso awo ali pamapazi anga. Pamjigo amayi amene masiku onse amandifunsa za bondo anandilonjera ndi timawu tofewa. Madzulo ake mwana wanga anapha nkhuku popanda mlendo. Ine sindinabadwe dzulo. Koma kukayika si uthenga, ndipo kupita kwa munthu wodwala utavala nkhope ya maliro nkumutemberera. Ndinkafuna ndimve ndi makutu anga.

Tsiku lakhumi ndinalawira, osatsazika munthu. Ndinakulunga wailesi m'kapulana, ndinakwera chapa cha ku Ulongwe, minibasi ya kwathu kuno. Kobradoro, wotolera ndalama uja, anafuna kuti katunduyo aike pamwamba pamodzi ndi matumba a nyemba. Ndinati aike amake.

Pamsika anyamata okonza matelefoni anaiona n'kuyamba kugwirana mapewa ndi kuseka. Wina anati, "Agogo, iyi mukaisiye pamanda pa mwini wake. Tengani iyi, yodya dzuwa, ili ndi tochi."

"Tochiyo ndikaunikire chiyani, nkhope yakoyo?"

Mayi wogulitsa matimati ndiye anandikodola n'kundilozera kuseri kwa amisiri okhoma ndowa. Kumeneko ndinapeza banka ya matabwa, kachisakasa kogwiriramo ntchito, mkati muli mkulu wina wa msinkhu wanga wokonza mawailesi, amene onse amangomuitana kuti a mesitiri. Magalasi awo anali omangidwa ndi ulusi, pambali pawo pali mbaula, chitsulo chosungunulira mtovu chili pamakala.

Anaivundukula, anaisisita pachikopa, anati, "Isiyeni mayi, mubwere Lachisanu."

"Sindisiya."

"Ndiye tengani."

"Sinditenganso. Mukonza ndili pano."

"Kodi kuchipatala akamang'amba munthu, abale amakhala pomwepo?"

"Nchifukwa chake sitidziwa zimene amasiyamo."

Anaseka mpaka kutsokomola, anakankhira kwa ine kabokosi ndi phazi kuti ndikhalepo. Ndinayala nsonga ya kapulana pathabwa n'kuwauza kuti chilichonse chimene achotse aike pamenepo, ndichione chikutuluka, ndichionenso chikubwerera. Anati zaka zonse zimene akhala akukonza mawailesi sanakhalepo ndi polisi wovala duku.

Anatsegula kumbuyo, anayatsa, anamvetsera mvula ija. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kukhudza penapake, wailesi inabuula ngati ng'ombe. Anati pakamwa pake pali bwino. Anayang'ana kandodo kakuda kokulungidwa ndi waya kamene kamakola mawu m'mwamba, anati makutu nawo ali bwino. Kenaka anatsitsa pakhoma kawailesi kena kakang'ono, kothyoka chogwirira, n'kukaika phewa ndi phewa ndi yanga.

"Mukufuna musinthanitse zamkati ine ndikupenya?"

"Iyi ndi mboni chabe, siikhudza kanthu. Mumaimba kwaya, mayi?"

"Ndinkaimba asanalowemo a kaduka."

"Ndiye mukudziwa. Wina amayambitsa nyimbo, ena amavomera. Amene ali kutali uja, ku nyumba ya mawu, amayambitsa. Wailesi yanu iyenera kuvomera ndi kaliwu kakekake kamkati, kamene inu ndi ine sitikamva. Mawu awiriwo akakumana ndi pamene munthu amatuluka. Ngati yanu ikuvomera, ndikamayendetsa singano iyi mboniyi iliza mluzu."

Anayendetsa pang'onopang'ono, kupita, kubwerera. Mboni inakhala chete. Anati woyambitsa alipo, wovomera ndiye wagona. Anatenga chida chokhala ndi singano yonjenjemera ndi mawaya awiri, anayamba kugwira apa ndi apo. Pa kanthu kena ka miyendo itatu anagwedeza mutu kuti nkamoyo. Ali mkati moyang'ana anaima, anakankhira magalasi pamphuno, anaweramira pafupi.

"Ndani analowa muno?"

"Munthu."

"Wa njinga kapena wa chigayo?"

"Wa njinga."

"Ndinadziwa. Akanakhala wa chigayo bwenzi tikuona mapazi a nyundo."

Anandionetsa timabokosi tinayi tachitsulo, kalikonse kukula kwake ngati nsonga ya chala, pamwamba pali kaparafuzo kopakidwa utoto. Anati tinthu timeneti timatchedwa bobina, ndipo mkati muli waya wokulungidwa. Zooneka ngati maparafuzozo si maparafuzo, sizimanga kanthu. Ndi timitima ta dothi lachitsulo lootcha, tosweka ngati phale, ndipo kalikonse anakasiya pamalo pake kufakitale, kena m'mwamba, kena pakati, monga amakungira ng'oma. Munthu wozolowera njinga akationa sitinafike pansi amati takhwefuka. Titatu tija akamwini anangotisokoneza. Kofiira, kamene ndi mwini kaliwu kovomera kaja, anakakanikiza mpaka kanang'aluka. A mesitiri anaika mawaya a chida chawo pa miyendo iwiri ya bobina yofiirayo. Singano sinasunthe.

"Waduka," anatero.

Mtima unandiwira. Ndinakumbukira ndili kuseri kwa nkhokwe ndi ndowa pamutu, ndikutumiza mawu aulemu, munthu akuswa chinthu cha malemu ine ndikupenya. Mamita khumi okha. Mwambo umene unaikidwa kuti pakhomo pakhale mtendere unandimanga manja ngati mbava. Ndinawafunsa a mesitiri kuti anene zoona, munthu angachite zimenezi mwadala?

"Wofuna kupha wailesi amadula waya umodzi n'kutseka, ntchito ya kamphindi. Uyu anakhala pansi, anamanga tonse tinayi mofanana bwinobwino. Uyu amafuna mumuyamikire."

"Ndinamuyamikira kale."

Anatenga chitsulo pamakala, anasungunula mtovu pa miyendo isanu ya bobinayo, akuuzira ndi kabango kuti mtovu uchoke. Inatuluka ngati dzino. Anaiika pakapulana wanga kaye kuti polisi aione, kenaka anatambasula timilomo ta kabokosi ndi nsonga ya mpeni. Anandipatsa galasi lokulitsa zinthu. Ndinaona kamtima kakuda kali zidutswa zitatu, ndipo pansi, pamene chidutswa china chinakanda, panali waya wopyapyala kuposa tsitsi la khanda, utaduka kutsala pang'ono kufika pa mwendo wake. Kanthu kosaoneka ndi maso kandikhalitsa m'mdima masiku khumi.

Anakoka pansi pa thabwa thumba lodzaza zamkati mwa mawailesi, anakhuthula, anayamba kufufuza.

"Za anthu akufa zimenezo?"

"Za mawailesi akufa. Eni ake ena amadutsa pompano osandilonjera."

Anapeza zofiira ziwiri. Ina inali yaing'ono kwambiri. Inayo inali yofanana msinkhu, koma ataiyeza anati mkati anaikulunga mwa mtundu wina, ingathe kulowa koma izikaimba nyimbo za kwawo. Ndinati ine sindinafune kale chinthu chachilendo m'mimba mwa wailesi yanga. Anati ndiye tagwirizana koyamba lero. Atenga kamtima kokha kwa yakufayo, waya alumikiza womwewu.

Anatola zidutswa ndi munga. Anamasula waya uja kuzungulira kumodzi kuti utalike ufike pa mwendo, anaviika nsonga yake mu mtovu wotentha kuti utoto wake upse. Pamenepo ndi pamene ukalamba unawaulula. Dzanja linkanjenjemera. Akati aukolowetse pa mwendo, unkathawa. Kachiwiri unathawanso. Kachitatu unapindika. Anati ukadukanso, tikhala pano mpaka mawa kukulunga yonse mwatsopano, ndipo maso awo saalonjeza.

Ndinati asunthe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinawauza kuti ine ndinayamba kutunga mikanda ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mpaka lero ulusi ndimalowetsa pa singano popanda kuitana mdzukulu. Ndinasolola singano imene imakhala m'duku mwanga. Iwo anagwira bobina ndi galasi, ine ndinaukankha waya uja ndi nsonga ya singano, pang'onopang'ono ngati ukuchotsa chitsotso m'diso la mwana, mpaka unazungulira mwendo kamodzi, kawiri. Anakhudza ndi chitsulo, kautsi kanakwera. Anaika mawaya a chida chawo. Singano ya chidacho inalumpha.

"Mukadzafuna ntchito mudzabwere," anatero.

"Kuti muzindinamiza pa malipiro?"

Analowetsa kamtima katsopano, anatseka kabokosi, anabwezera miyendo isanu m'mabowo ake n'kuwotcherera. Ndinayang'ana pakapulana kuti palibe chatsala kupatula zidutswa zakuda zija. Anayatsa, anasendeza mboni pafupi, anayendetsa singano. Mboni inaliza mluzu wautali, kutsika n'kukweranso. Amisiri a ndowa anasiya kukhoma n'kucheuka. Ndipo mkati mwa mvula ija, kutali kwenikweni, munali munthu akulankhula.

Koma anali munthu wolakwika. Pa kamzere ka malemu panakhala mwamuna wolankhula Chipwitikizi, wa ku Malawi atakankhidwira kumapeto ngati mlendo wosaitanidwa. Ndinawauza a mesitiri kuti amene akulankhulayo si pake pamenepo. Anafunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndinawalozera kamzere. Anati amene anakanda apa wawapulumutsa ntchito ya ola lathunthu. Anatenga kansungwi, anakasema nsonga kukhala yaphwatalala, anati chitsulo sichiloledwa pano, chimasokoneza kaliwu kaja ndiponso chimaswa. Anaimika singano pa kamzere, analowetsa kansungwi m'kamtima kofiira n'kupotoza pang'ono chabe, osakwana theka la kuzungulira. Wa Chipwitikizi anatsetsereka n'kuchoka. Anapotozanso. Panadutsa kaphokoso, kenaka Chichewa chinabwera chikukwawa mpaka chinakhala pamalo pake. Anayendetsa singano kumapeto kuona ngati enawo abwerera kwawo, anakhudza pena, anabwereranso pa kamzere. Atatero anapita pa kachikasu, pa koyera, pa kakuda, kalikonse akumasula pang'ono khutu lili pafupi, ndipo mawu ankakula ngati munthu akubwera kuchokera kumunda mpaka kulowa pabwalo. Pomaliza anadonthezera phula la njuchi pa tonse tinayi.

Ndinapotoza pokwezera mawu, inachita khwekhwerere. A mesitiri anadontheza dontho limodzi la mankhwala onunkha ngati kachasu, anapotoza uku ndi uku kasanu. Inatha. Matenda enieni a wailesi yanga anali fumbi. Dontho limodzi. Ndinafuna kutukwana koma sindinadziwe kuti ndiyambire ndani.

Pamenepo dzuwa linali litapendeka. Mauthenga a masana anali atadutsa ife tili ndi singano m'manja, wailesi inkaimba nyimbo za achinyamata. Ndinawafunsa a mesitiri ngati pali njira yoti ibweze zimene zinanenedwa masiku amene inali chete. Anati mawu a m'mwamba ali ngati madzi a mumtsinje, amene sanatungidwe apita. Ndinawafunsa ngati iwo anamvako uthenga wotchula Lifidzi sabata imeneyi, imene kuno timati sumana. Anati iwo za maliro samvera, pa msinkhu wawo zili ngati aphunzitsi akuitana mayina m'kalasi, ungavomere mwangozi.

Ndinawalipira, ndinamanga zidutswa zija pansonga ya kapulana, ndinabereka wailesi. Pamene chapa cha kwathu chimaima ndinadutsa. Ndinakwera cha kumalire. Ndinaona kuti kudikira masana a mawa kungandiuze za mawa, osati za masiku anadutsawo. Bileti yanga, chiphaso cha boma chija, imakhala pachifuwa nthawi zonse, ndiye kuwoloka sikunavute. Kutsidya ndinakwera njinga yolipira, ndinamuuza mnyamata wopalasayo kuti akandigwetsa ndi katundu uyu adzaona.

Sindinafunikire kufunsa munthu. Pokhotera kumudzi kwa akulu anga, m'mphepete mwa msewu munali masamba aja amaika posonyeza maliro, atafota kale, atakankhidwira pambali. Pabwalo panali phulusa la moto waukulu malo atatu. Ana ankanyamula mabenchi kubwezera kutchalitchi. Ndinatsika panjinga ndikulira, amayi anatuluka kudzandigwira.

Anali ataikidwa dzana. Mwana wawo wamkulu uja, atandikhazika m'nyumba, anati, "Amayi aang'ono, ife tinachita monga munanenera. Tinaika pa wailesi masiku awiri, tinatchula mudzi wanu. Tinaimbiranso mwana wanu. Anati tensau yanu yakwera, simungayende, tisadikire." Anati anachedwetsa mwambo mpaka dzuwa litapendeka, akuyang'ana kumsewu, kuti mwina ndingatulukire.

Ine amene akuti sindingayende ndinali nditakwera chapa kawiri ndi njinga tsiku limodzi, nditabereka wailesi. M'mawa mwake ananditengera kumanda. Dothi linali lisanaume. Munthu amene anandibereka kumsana ndili khanda, amene anandimeta tsiku la chinamwali changa, womaliza wodziwa dzina limene mayi athu ankandiitana, sindinamuone nkhope. Mudzi wanga wonse unamva. Mnzanga wa kuseri kwa tchalitchi anamva, amayi a pamjigo anamva, ndipo onse anapangana kundiyalira mphasa ndi kundiotchera chimanga.

Ndinakhala komweko sumana imodzi. Nditabwerera sindinakuwe. Ndinamuitana mwana wanga m'nyumba, ndinamufunsa funso limodzi, kuti nkhuku ija inali ya chiyani. Anagwetsa misozi, anati ankaopa kuti ndigwa panjira, kuti akanataya anthu awiri sumana imodzi. Ndinati kugwa kwanga ndi kwanga, ndani anamupatsa kuti andisungire? Akamwini anatumiza mawu kudzera mwa iye kuti amva zimene anachita ku wailesi ndipo manyazi awagwira. Iwowo ndinawamva, ndinati akawauze kuti yakonzedwa. Dzanja lawo linalakwa, koma linalakwira poyera. Mwana wanga wobala ndekha ndiye sindinamupezerebe mawu.

Wailesi ikulankhula bwino kuposa kale. Ndimaitsegulabe masana, ngakhale kulibenso wa m'mimba mwathu woti atchulidwe. Wotsatira ndine, ndipo uthenga umenewo sindidzaumva.

Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi china. Anthu amene anatha kundibisira imfa kawiri chifukwa chondikonda, adzathanso kukubisirani inu matenda anga chifukwa chosafuna kukuvutitsani. Mudzafunsa, adzati ali bwino, angopumako. Ndiye inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa ku Lifidzi, kaya mukupita kukagula kachewere, kaya kumaliro a ena, patukani. Funsani nkhalamba ya wailesi yachikopa, aliyense akulozerani, ena akuseka. Musaime panjira n'kufuula moni. Musalandire yankho la pakhomo lakuti agona. Gogodani chitseko changa, lowani, mundione ndi maso anu ngati ndadya, ngati ndikudzuka. Mwina ndikufunsani kuti wakutumani ndani ndipo mukufuna chiyani. Yankhani, mukhale pansi, ndipo ngati mwamva kanthu kokhudza ine, kaya nkoipa chotani, mundiuze pamaso.